Injini ya V8 ya mu Range Rover yakale ija sinabadwire ku England

Amakaniko ambiri akaona injini ya V8 (ya masilinda 8) ya mu Range Rover yakale kapena Discovery amangoti iyi ndi ya angerezi basi, koma ayi ndithu abale. Injini imeneyi anaipanga ndi a Buick ku America, inatuluka mu 1961 ndipo ankaitchula kuti 215, ya malita 3.5, yonse ya aluminiyamu moti inali yopepuka kwambiri kuyerekeza ndi ma V8 achitsulo a nthawi imeneyo. Vuto linali loti kuumba aluminiyamu kunkawadyera ndalama zambiri, mabuloko ena ankawonongeka akadali kufakitale, ndiye General Motors, eni ake a Buick, anangoisiya mu 1963.

Apa mpamene panabwera bwana wa kampani ya magalimoto ya Rover ya ku England, William Martin-Hurst, anaiona ili pansi ku kampani ya injini za maboti ya Mercury Marine ndipo anaikonda pompo, mpaka mu 1965 Rover anagula ufulu woipanga. Ku England anasintha kaumbidwe ka buloko, anaikamo makabureta a SU, kenako mu 1967 inalowa mu Rover P5B, mu 1970 mu Range Rover yoyamba. Ine chimene chimandisangalatsa nchoti injini yomwe eni ake anaitaya patangotha zaka zitatu inakhala pamsewu pafupifupi zaka 40, ikukula pang'onopang'ono kufika malita 3.9 mpaka 4.6, mu magalimoto a Morgan ndi TVR inalowamonso, ndipo Land Rover anasiya kuiika mu Discovery mu 2004.