Nyukiliya ya ku Chongwe: mkangano unayamba madzi ataphwa ku Kariba

Mu 2015 madzi atatsika ku Kariba, malaiti mu Lusaka ankapita maola 8 patsiku. Magetsi athu oposa 80 pa 100 alionse ankachokera ku madzi, choncho mvula ikavuta, makina a ZESCO nawo amagona. Apa m'pamene boma la Zambia la Edgar Lungu linatembenukira ku Russia. Mu 2016 linasainirana pangano ndi Rosatom, kampani ya boma la Russia ya za nyukiliya, ndipo mu May 2018 ku Sochi anagwirizana zomanga malo ofufuzira za nyukiliya ku Chongwe.

Ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Reactor (makina otulutsa mphamvu ya nyukiliya) ya ku Chongwe inali ya mamegawati 10 okha, yophunzitsira akatswiri ndi kupanga zopimira ndi kuchizira khansa. Sikanayatsa ngakhale babu limodzi ku Matero. Siteshoni ya magetsi inali yoti idzabwere pambuyo. Komabe Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli inakana kuti zoterezi zikhale m'dziko lake, ndipo mpaka lero reactor ija sinamangidwe.

Pa siteshoni yaikuluyo, chopinga choyamba ndi ndalama. Ya ku El Dabaa ku Egypt, ya ma reactor anayi a mamegawati 1,200 iliyonse, ndi ya madola pafupifupi 30 biliyoni, ndipo 25 biliyoni ndi ngongole ya ku Russia. Ndalama imeneyi ikufanana ndi chuma chonse chimene Zambia imapanga pachaka. Tisaiwale kuti mu November 2020 dziko lino linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni, chiwongoladzanja chabe. Ndipo ntchito zotere zimachedwa: ma reactor awiri a ku Vogtle ku America anachedwa zaka 7, mtengo n'kupitirira madola 30 biliyoni, chiwongoladzanja chikungokwera popanda yuniti imodzi yogulitsa.

Koma chimene akatswiri amaopa kwambiri sichimvekamveka m'misonkhano. Lamulo la ntchitoyi limati makina amodzi asapitirire gawo limodzi mwa 10 a mphamvu zonse za dziko. Ife mu 2023 tinali ndi mamegawati pafupifupi 3,800, ndiye reactor ya 1,200 ingakhale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Itazima mwadzidzidzi, makina otsala sangasenze katunduyo; liwiro lawo limatsika, amadzizimitsa motsatizana, dziko lonse mdima. Chovuta n'chakuti reactor yozima imatenthabe, poyamba pafupifupi 6 pa 100 a kutentha kwake, ndipo mapampu a madzi oiziziritsa amafuna magetsi ochokera kunja. Pa ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu 2011, mapampu amenewa ndi amene anasiya kugwira ntchito. Onjezani kuti pa miyezi 12 kapena 18 iliyonse imaima milungu ingapo kuti asinthe uranium wake.

Madzi nawo ndi nkhani. Siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg ku Cape Town imaziziritsidwa ndi nyanja yamchere. Ife tikadalira Kafue kapena Zambezi, mitsinje yomweyo imene inatigwiritsa mwala mu 2015 ndi 2024. Ngakhale France mu 2022 inachepetsa mphamvu za ma reactor ena mitsinje itatentha.

Zotsalira za uranium wogwiritsidwa ntchito zimakhala m'maiwe zaka zosachepera 5, kenako m'migolo ya chitsulo ndi konkire. Plutonium-239, imene imapezeka m'zotsalirazo, imatenga zaka 24,000 kuti ukali wake utsike ndi theka. Otsutsa akamva zimenezi amangoloza ku Kabwe: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a ku Chowa ndi Kasanda akupezekabe ndi mtovu m'magazi.