Pangano la UNESCO palokha silingabweze chuma cholandidwa

Ambiri amaganiza kuti pangano la 1970 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, limakakamiza mayiko a ku Ulaya kubweza zinthu zachikhalidwe zimene atsamunda analanda. Sichoncho ayi, chifukwa panganoli silikhudza zomwe zinatengedwa lisanayambe kugwira ntchito.

Taonani zinthu 26 zimene asilikali a France anafunkha mu 1892 ku Abomey, mzinda womwe lero uli m'dziko la Benin, monga mipando yachifumu ndi zitseko zosema. Benin itapempha mu 2016, France inakana ponena kuti malamulo ake salola kupereka katundu wa boma. Panafunika zokambirana za maboma, akatswiri ofufuza mbiri ya chosema chilichonse, kenako lamulo lapadera la 2020 lotchula zinthuzo chimodzichimodzi. Zinafika ku Cotonou, mzinda waukulu wa Benin, mu 2021. Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulolo linamasula zokhazo, pamodzi ndi lupanga limodzi la ku Senegal.