Mfuti ya mpweya pa mamita 10: zimene malamulo a ISSF amalola woyamba kumene kusintha

Ambiri amalowa masewero owombera chandamale kudzera pa mfuti ya mpweya ya mamita 10. Malamulo ake amachokera ku ISSF, bungwe loyendetsa masewero owombera padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Munich m'dziko la Germany, ndipo ndi omwewo amene amatsatidwa pa Olympics. Mafunso awa ndi a munthu amene wangoyamba, yemwe manja akumuyabwa kuti agwiregwire masikuluwu a mfuti yake.

Kodi mpikisano wake umayenda bwanji?

Mumawombera muli chiimire, kachipolopolo kake ndi ka mtovu, kukula kwake mamilimita 4.5. Amayamba akupatsani mphindi 15 zokonzekera ndi kuyesa mfuti, kenako mumawombera ka 60 m'mphindi 75. Kuyambira 2018 akazi nawonso amawombera ka 60, chimodzimodzi amuna. Pa mfuti yaitali, malo opatsa mapointi 10 ndi kadontho ka theka la milimita, ngati kaja kothera chiganizo m'buku. Mapointi amawerengedwa mpaka 10.9, choncho pamwamba penipeni ndi 654.0. Pa pisitolo malo a 10 ndi okulirapo, mamilimita 11.5, ndipo m'ndime yachipulula pamwamba ndi 600. Anthu 8 ochita bwino amalowa fainolo, kumene onse amayambiranso pa ziro.

Ndingasinthe chiyani pa mfuti yanga?

Zambiri ndithu, koma pafupifupi zonse ndi zoti mfuti ikwane thupi lanu, osati kuti izimenya mwamphamvu. Mfuti za makampani ngati Feinwerkbau, Walther kapena Anschütz zimalola kukweza ndi kutsitsa potsamira tsaya, kutalikitsa kapena kufupikitsa kumbuyo kumene kumakhala paphewa, kusuntha trigger (pamene mumakanikiza powombera) kuti chala chiipeze osapindika, ndiponso kuika tizitsulo tolemetsa kutsogolo kapena kumbuyo.

Yambani ndi potsamira tsaya. Tsinzinani, gonekani tsaya pamalo pake, kenako tsegulani maso. Ngati diso silikugwera pakati pa kabowo koyang'anira, kwezani kapena tsitsani potsamirapo, osati kukhotetsa khosi. Khosi lokhota limayamba kuwawa mpikisano usanafike pakati, ndipo mutu ukapendekeka thupi lonse limayamba kuzendewera.

Mukasintha chinthu chimodzi, lembani m'kope mmene chinalili ndi mmene mwachiikira, ndipo muchisiye choncho kwa masabata angapo. Apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amasokera. Awombera 8, agwira sikuluwu. Awombera 7, agwira ina. Pofika madzulo sakudziwanso ngati vuto ndi mfuti, miyendo kapena chala. Ngakhale choyang'anira, musachisunthe chifukwa cha chipolopolo chimodzi chopatuka. Wombani kasanu kapena kakhumi, onani pamene zaunjikana, ndiyeno sunthani kuti muluwo ufike pakati.

Nanga malire ali pati?

Mfuti yaitali isapyole makilogalamu 5.5, ndipo telesikopu kapena galasi lokulitsa chandamale n'zoletsedwa. Pisitolo isapyole magalamu 1,500, ikwane m'bokosi la mamilimita 420 ndi 200 ndi 50, ndipo imagwiridwa ndi dzanja limodzi. Trigger ya pisitolo iyenera kunyamula chitsulo cha magalamu 500 osakhethemuka. Oyang'anira amaipachikadi chitsulocho, ndipo amatha kukusankhani mukangomaliza kuwombera. Ikalephera, mapointi anu onse apita. N'chifukwa chake ozolowera amaiika molemererapo pang'ono, chifukwa kutentha ndi kuzizira kumaisintha.

Botolo la mpweya nalo lili ndi zaka zake: lisapyole zaka 10 kuchokera pamene linapangidwa. Deti limalembedwa pabotolo pomwepo. Ogula mfuti yakaunjika aziyamba kuona pamenepo asanayambe kunenerera mtengo.

Pa mfuti yaitali lamulo silinena kulemera kwa trigger. Ndiipepuze kwambiri?

Ayi, musathamangire. Trigger yopepuka kwambiri imakhethemuka musanakonzeke, mwinanso pamene mukutseka mfuti, ndipo imaphunzitsa chala kuchita mantha. Munthu amayamba kudikira kuti chandamale chifike pakati ndiye n'kutsakamula mwadzidzidzi, chipolopolo n'kupita kumbali. Zofunika ndi kukanikiza pang'onopang'ono mfuti ikugwedezeka pang'ono momwemo, ndipo ikalira, khalani chiyang'anire kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kachipolopolo ka mfuti izi kamathamanga pafupifupi mamita 170 pa sekondi basi, ndiye mukafulumira kutsitsa mfuti mumakapatutsa kasanatuluke mumpope. Za m'kati mwa trigger ndi za valavu ya mpweya asiyireni amisiri ake kapena aphunzitsi a pakalabu.

Kodi zipolopolo zimasiyana?

Zimasiyana. Za mpikisano ndi zamutu waphwatalala kuti ziziboola pepala mozungulira bwino, ndipo makampani ngati RWS ndi H&N amazipanga za mamilimita 4.49, 4.50 kapena 4.51. Akatswiri amamanga mfuti pachitsulo n'kuyesa magulu osiyanasiyana kufikira atapeza limene mpope wawo ukulikonda. Koma ngati mukuwomberabe 7 ndi 8, kusiyana kumeneku simungakuone. Gulani zabwino za mtundu umodzi, tayani zophwanyika m'mbali, ndalama zotsalazo mulipirire nthawi yoyeserera.

Jekete yolimba imene owombera amavala ndi yokakamiza?

Si yokakamiza. Imathandiza owombera mfuti yaitali kuchirikiza msana, ndipo n'chifukwa chake oyang'anira amayeza kuchindikala ndi kulimba kwake, pamodzi ndi buluku ndi nsapato. A pisitolo saloledwa zovala zochirikiza thupi. Ambiri munamuona Yusuf Dikeç wa ku Turkey pa Olympics ya Paris 2024, dzanja lina lili m'thumba, atavala magalasi wamba, n'kupata mendulo ya siliva limodzi ndi Şevval İlayda Tarhan. Anthu anaseka pa intaneti, koma bamboyu anali ndi zaka 51 ndipo anali pa Olympics yake yachisanu.

Ndi zolakwa ziti zimene zimadya mapointi mfuti ili bwinobwino?

Kuika chipolopolo oyang'anira asanalamule, kugwira mfuti anthu ali kutsogolo, kapena kuchoka pamalo anu osalowetsa kachingwe kachitetezo, kamene kayenera kuonekera mbali zonse ziwiri za mpope. Mawu a STOP akamveka, chala chichoke pa trigger pomwepo. Mpikisano ukayamba, kutulutsa mpweya popanda chipolopolo kumawerengedwa ziro, ngakhale kuyeserera kukanikiza kopanda mpweya kuli kololedwa, kupatula mu fainolo.

Ndiye pali kuwombera chandamale cha mnzanu. Pa Olympics ya Athens mu 2004, Matthew Emmons wa ku America ankatsogola mu fainolo ya mamita 50, chipolopolo chomaliza n'kuchiponya pa chandamale cha wina. Anapatsidwa ziro n'kuthera pa nambala 8. Muziyang'ana nambala ya chandamale chanu nthawi iliyonse mukakweza mfuti.

Amene mumamwa mankhwala a BP samalani: mankhwala a mtundu wa beta-blocker ndi oletsedwa m'masewerowa chifukwa amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja. Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mamendulo awiri ku Beijing mu 2008 atamupeza ndi propranolol, mankhwala a mtundu womwewu. Musasiye mankhwala panokha. Kambiranani ndi adokotala komanso akuluakulu a bungwe la masewerowa musanalembetse mpikisano.

Kodi malamulo a ISSF akundipatsa ufulu wokhala ndi mfuti?

Ayi. ISSF imalamulira mpikisano wokha. Kugula, kusunga, kunyamula ndi kuolotsa mfuti pamalire zili pansi pa malamulo a dziko lililonse, ndipo ku Malawi kuno za ziphaso za mfuti amaona ndi apolisi. Kafunseni kaye za mtundu wa mfuti imene mukufunayo musanatumize ndalama kwa wogulitsa wakunja.