Seiko 5 ndi Grand Seiko, ana a nyumba imodzi

Mukauza wokonza mawotchi mumsika wa Mzuzu kuti kuli Seiko ya madola masauzande angapo, kawirikawiri amaseka. Kwa ambiri kuno, Seiko ndi 5 ija imene madoda ankabwera nayo kuchokera ku Joni, yoyenda popanda batire. Koma yodulayo, Grand Seiko, ndiyo inayamba kubadwa.

Kintaro Hattori, amene anayambitsa kampani ya Seiko, anatsegula sitolo ya mawotchi ku Tokyo mu 1881. Mu 1960 kampaniyi inatulutsa Grand Seiko kuti ipikisane ndi mawotchi a ku Switzerland pa kusunga nthawi, ndipo Seiko 5 inadza mu 1963, yopangira munthu wantchito: yosalowa madzi msanga, yosonyeza tsiku ndi deti, kotchunira nthawi kali pa 4 kuti kasakande dzanja.

Makina a 7S26, amene ali m'ma 5 ambiri akale kuyambira 1996, amagunda maulendo 21,600 pa ola. Simungawatchere ndi zala. Amadzitchera ndi kachitsulo kozungulira mkati pamene mkono ukuyenda. Mukaivula wotchiyo Lachisanu madzulo, pofika Lamlungu yaima, chifukwa mphamvu yake ndi ya maola pafupifupi 40. Imeneyo si nthenda, muigwedeze pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi. Nthenda zenizeni ndi ziwiri. Ikayamba kuthamanga ndi mphindi zingapo pa tsiku, kawirikawiri ndiye kuti kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kagwidwa maginito a sipika kapena foni, ndipo kuchotsa maginitowo n'kwa masekondi chabe, palibe kachitsulo kofunika kusintha. Ina ndi nthunzi pansi pa galasi, vuto la nyengo ya mvula kuno ku Mzuzu: kalabala ka kuchivundikiro kauma, ndipo mukazengereza dzimbiri limadya makina.

Grand Seiko ndi nkhani ina. Ya makina otchedwa Spring Drive 9R65, a mu 2004, imayenda ndi sipuling'i koma liwiro limawongoleredwa ndi kamwala ka quartz ngati ka m'mawotchi a batire, choncho muvi wa masekondi umatsetsereka osadumpha, imaphonya sekondi imodzi pa tsiku, ndipo mphamvu yake ndi ya maola 72. Komabe mpaka 2017 pankhope pake pankalembedwa Seiko pamwamba, ndipo ogula ankafunsa chifukwa cholipirira zambiri dzina lomwe lili padzanja la kondakitala. Chaka chimenecho kampani inalichotsapo, Grand Seiko n'kuima payokha.