Ye Olde Cheshire Cheese: bala yakale ya ku London ndi mowa wake wa m'migolo

Munthu akhoza kudutsa mu Fleet Street kangapo osaiona bala imeneyi, chifukwa khomo lake silinaloze kumsewu. Olowa amakhotera m'kanjira kothina kotchedwa Wine Office Court, pomwe pali chikwangwani cha maina a mafumu onse amene alamulira dzikolo chimangireni nyumbayi, kuyambira Charles II. Anaimanganso mu 1667, moto waukulu wa mu September 1666 utapsereza nyumba zoposa 13,000 mumzindawo. M'kati muli mdima ngakhale masana: zipinda zing'onozing'ono, matabwa odetsedwa ndi utsi, utuchi pansi, ndi masitepe otsikira kuzipinda zapansi pomwe wamtali akapanda kuwerama amagunda mutu.

Mlembi wa mabuku Charles Dickens ankamwera muno, ndipo Samuel Johnson, wolemba dikishonale ya Chingerezi ya 1755, ankakhala chapafupi pa Gough Square. Koma amene ankadzaza mabenchi ndi atolankhani, mpaka nyuzipepala zitasamuka mu Fleet Street m'ma 1980. Panalinso chinkhwe chotchedwa Polly, chotchuka ndi kutukwana, chomwe chinafa mu 1926 ndipo anachiumika nkuchisunga m'balamo. Lero Polly akanathamangitsidwa, poti kampani yofulula mowa ya Samuel Smith, yomwe ndi eni ake tsopano, imaletsa kutukwana m'mabala ake. Nyimbo ndi TV mulibe, ndipo foni safuna kuiona ili m'manja.

Mowa woyenera kuitanitsa ndi Old Brewery Bitter, wa mphamvu pafupifupi 4%. Amaufulira ku Tadcaster, m'chigawo cha Yorkshire, ndi madzi a pachitsime chomwe anakumba mu 1758, ndipo umawirira m'zimbiya za miyala zamakona anayi asanauthire m'migolo ya mitengo ya oak. Alendo ambiri akaulawa amadandaula kuti ndi wofunda komanso wopanda gasi. Saudziwa. Mowawu suphikidwanso kapena kusefedwa, umafika uli wamoyo, yisiti akugwirabe ntchito mumgolo, monga momwe Chibuku amapitirizira kusasa m'paketi. Umasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13. Ukazizira kupitirira apo umachita mbuu ndipo kukoma kwa chimera kumabisala.

Ntchito yeniyeni ili kuchipinda chapansi. Mgolo ukafika amaugoneka pathandala osaugwedezanso kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti nsenga zikhale pansi. Pofuna kufulumizitsa zimenezi ofulula amathiramo isinglass, yochokera ku chikhodzodzo chomwe nsomba imayandamira. Kenako amakhoma kachitsotso ka mtengo wofewa pabowo la pamwamba kuti mpweya wochuluka utuluke, ukaleka kuchita thovu nkusinthitsa ndi kolimba. Akachedwa kusintha, mowa umazilala. Akafulumira kuugulitsa, umatuluka wamatope ndi fungo la maapozi osapsa. Pomaliza amakhomera mpopi ndi nyundo yamtengo nkulumikiza paipi yopita ku pampu yamanja ya pakauntala.

Mgolo wa magaloni 9 umakhala ndi mapainti 72, painti imodzi kukhala mamililita 568, ndipo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu. Painti iliyonse ikatuluka, malo ake amalowa mpweya wakunja, ndiye mowa ukakhalitsa umayamba kununkha viniga. Nchifukwa chake bala yodzaza anthu ngati iyi imapambana bala ya zii, ngakhale mowa uli umodzi. China chimene chimaononga ndi mapaipi osatsuka mlungu ndi mlungu, omwe amapatsa mowa kafungo ka batala.

Painti yabwino imakhala yofiirira, yoonekera mbali ina, thovu lake lothithikana pamwamba likusiya mizere patambula pamene mukumwa. Ikabwera ya mbuu kapena yowawasa, bwezani pakauntala pomwepo. Ku England zimenezi si zamanyazi, ndipo ogulitsa amakusinthirani.