Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi sikawononga ubongo wa mwana

Sukulu zitayamba kutsegulidwanso mu Seputembala 2020, pambuyo potsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha COVID-19, ana a m'sukulu zina za pulayimale ku Nkhotakota ankasamba m'manja pandowa ya mpopi, kenako n'kuyezedwa kutentha kwa thupi asanalowe m'kalasi. Apa m'pamene inafika mphekesera ya pa WhatsApp yoti kachipangizo kolozetsa pamphumi kaja kamatulutsa cheza chowononga ubongo.

Zimenezi si zoona. Thupi la munthu limatulutsa kutentha monga imachitira mbaula, ndipo ntchito ya kachipangizoka ndi kulandira kutenthako n'kuonetsa nambala, popanda kulowetsa kanthu m'mutu mwa mwana. Kuwala kofiira komwe kumaoneka pa zipangizo zina n'kongothandiza woyeza kuloza malo oyenera. Mwina chinaopsa makolo ndi maonekedwe ake onga mfuti, ndipo pamenepo sitingawadzudzule.

Chofooka chake chenicheni n'chakuti mwana amene wayenda padzuwa la kunyanja angaoneke ngati watentha thupi, choncho ayenera kupuma kaye pamthunzi asanayezedwenso. Akapitirirabe madigiri 38 apite kuchipatala, chifukwa kuno angakhalenso malungo.