Kanjira ka mtsempha kakatsekeka kapena kukhota, dzino silinathe ntchito

Odwala ambiri ndikawauza kuti kanjira ka mtsempha wa dzino lawo sikakuoneka pa ekisire, amayankha msangamsanga: "Ndiye ingozulani, adokotala." Mawu amenewa amandiwawa mumtima, chifukwa mano ambiri otere amapulumuka ndithu.

Pakati pa dzino pali kachipinda ka mitsempha ndi magazi, ndipo kuchokera mmenemo tinjira timatsika mpaka kunsonga kwa muzu. Tizilombo tikalowamo timapereka chithandizo chotchedwa root canal: kuchotsa mtsempha wowolawo, kutsuka kanjira, kenako kukatseka ndi kamphira ka gutta-percha.

Koma dzino n'chamoyo, limadziteteza. Likagundidwa, likamaperepeseka chifukwa chokukuta, kapena likakhala ndi bowo lokula pang'onopang'ono, mtsempha umayamba kumanga khoma mkati, kusanjikiza mnofu wolimba wa dzino mpaka kanjira kutsala ngati tsitsi. Ukalamba nawo umachita zomwezo. Dzino lakutsogolo lomwe munagwera muli mwana n'kudzasanduka lachikasu patapita zaka, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyi. Ndineneretu kuti dzino lotere likakhala losapweteka, ekisire n'kusaonetsa matenda kumuzu, sitiliboola ayi. Timangoliyang'anira, ndipo ambiri mwa mano amenewa sadwala n'komwe.

Likadwala m'pamene ntchito imakula. Ekisire ikhoza kusaonetsa kanthu, koma poti tizilombo tapeza podutsa, njira ilipo. Timaisaka ndi maikulosikopu, kutsata maonekedwe, popeza pansi penipeni pa kachipinda pamakhala podererapo kusiyana ndi zomwe zatseka pakhomo pa kanjira. Zikakanika timajambula sikani ya CBCT, yoonetsa muzu mbali zonse. Khomo likapezeka timalowetsa tizitsulo topala totchedwa mafayilo. Kakang'ono kwambiri, nambala 6, nsonga yake ndi mamilimita 0.06 okha. Timakapotoza pang'ono uku ndi uku osakankha, kutulutsa, kutsuka, kulowetsanso, kenako nambala 8, kenako 10. Mankhwala a EDTA amafewetsa khoma, pomwe sodium hypochlorite imapha tizilombo ndi kusungunula zowola. Mamilimita awiri okha akhoza kudya theka la ola. Wopupuluma amalambalala kanjira n'kuboola muzu m'mbali, ndipo ngakhale bowolo limamatika ndi simenti ya mano yotchedwa MTA, dzino limakhala lafooka kale.

Mizu yokhota ili ndi vuto lina, makamaka pa mano otafunira akumbuyo. Chitsulo ukachipinda chimafuna kuwongoka, choncho pokhota chimadya khoma lakunja, kupanga kachidikha komwe fayilo imangokakamirapo osapitirira. Zinthu zinayamba kusintha mu 1988 pomwe mafayilo a chitsulo cha nickel-titanium anayesedwa pa ntchitoyi. Amenewa amapindika motsata muzu. Komabe akazungulira nthawi yaitali pokhota amatopa n'kuduka, monga waya ukamaupinda malo amodzimodzi, n'chifukwa chake timawataya asanakalambe ndiponso timayamba tatsegula njira ndi timafayilo ting'onoting'ono tija topotoza ndi manja. Kachidutswa kakatsalira mkati, dokotala wanu ayenera kukuuzani poyera. Nthawi zina kamachotsedwa, nthawi zina timakalambalala, ndipo ngati kanjira kanali katatsukidwa kale, kamasiyidwa dzino n'kuchira bwinobwino.

Sikuti lililonse limatheka. Dzino long'ambika mpaka kumuzu timazula basi. Lomwe kanjira kake kakana kutseguka likhoza kuchitidwa opaleshoni yaing'ono yodula nsonga ya muzu kudzera m'nkhama.

Chomwe ndimapempha kwa inu ndi nthawi. Mukauzidwa kuti mubwere kawiri kapena katatu, kapena mukatumizidwa kwa katswiri wa mizu ya mano, sikuti dokotala walephera. Waona kukula kwa ntchito. Ululu ukatha pa ulendo woyamba musasowe, chifukwa chomatira chongoyembekezera chomwe timatsekera dzino chimaperepeseka ndipo tizilombo timabwereramo. Ndipo ngati ndi dzino lotafunira, funsani za chipewa chake cha crown musanachoke pampando, chifukwa mano ambiri omwe tavutika nawo maola amadzatayika pong'ambika asanavekedwe.